Mphumu: Tisadikire Kubanika Kuti Tigwire Inhela

Usiku wina wa mwezi wa Julayi, kukuzizira kwambiri, kuchipinda cha amayi oyembekezera anabwera ndi mayi wachitsikana wa pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Sikuti matenda anali atayamba ayi. Anali atabanika. Amalephera kunena mawu atatu osaima kuti akoke mpweya, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka, mapewa akukwera ndi kutsika. Tinamupopera mankhwala, tinamuika pa okosijeni, nkumamvetsera mtima wa mwana usiku wonse. Kunja kukucha anayamba kupezako bwino.

M'mawa ndinatsegula buku lake la kuchipatala. Munalembedwa bwinobwino kuti ali ndi mphumu, ndiponso kuti anapatsidwa mainhela awiri. Nditamufunsa, anatulutsa m'kachikwama inhela ya buluu yokha, yotheratu. Inzakeyo anaisiya tsiku lomwe anadziwa kuti waima. Apongozi ake anamuuza kuti mankhwala opopera amavulaza mwana m'mimba, ndipo amayi ena pamjigo anamuonjezera kuti munthu akazolowera inhela ndiye kuti basi, sadzapumanso popanda iyo.

Palibe amene anamufunira zoipa mtsikana ameneyu. Onse amene anamulangiza amamukonda. Koma malangizo awo anatsala pang'ono kutitayitsa miyoyo iwiri. Ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kwa zaka zambiri, ndipo tsopano ndimaphunzitsa ana athu ntchito yomweyi. Maganizo anga ndi awa, amayi anzanga: pa nkhani ya mphumu mantha athu tawaika pamalo polakwika. Timaopa inhela ya steroid, imene imateteza, pomwe mapiritsi a steroid, amene angathe kuwononga thupi akamwedwa mwachisawawa, timangogula pagolosale ngati maswiti. Kuti tisinthe, tiyenera kumvetsa zimene mankhwalawa amachita akalowa m'thupi.

Mphumu ili pawiri

Mpweya umene timakoka umatsika ndi kholingo nkugawikana m'timachubu tambirimbiri ta m'mapapo, monga mmene nthambi zimagawikira pamtengo. Mwa munthu wa mphumu mumachitika zinthu ziwiri. Choyamba, timinofu tozungulira timachubuti timakungika mwadzidzidzi, njira ya mpweya nkuchepa. Uku ndiye kubanika kumene tonse timakuona. Chachiwiri, khungu la m'kati mwa timachubuti limakhala lotupa, lofiira, lotulutsa makhololo onanda. Kutupa kumeneku sikuoneka, sikupweteka, ndipo kumakhalapo ngakhale masiku amene munthu akulima kapena kusewera mpira bwinobwino. Ndi chikomekome cha mkuyu: kunja munthu akuoneka wangwiro, m'kati muli zina.

Inhela ya salbutamol, imene kawirikawiri imakhala ya buluu, imamasula timinofu tija. M'mphindi zochepa munthu amapuma, nchifukwa chake timaikonda. Koma kutupa kuja siikukhudza nkomwe, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola anayi kapena asanu ndi limodzi. Inhela ya steroid, monga beclomethasone kapena budesonide, imene nthawi zambiri imakhala ya bulawuni, ndiyo imalimbana ndi kutupako. Mitundu ya mabotolo imasiyana malinga ndi kampani, choncho muziwerenga dzina lolembedwa pabotolo, osangodalira mtundu.

Amayi amene munatenthapo mulu wa mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza mukudziwa mmene moto wake umakhalira. Pamwamba pamaoneka phulusa lokhalokha, koma pansi ukunyeka, ndipo kamphepo kakangowomba malawi amabuka. Fumbi la mu Okutobala, chisanu cha mu Juni, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo, chimfine, fungo la fodya m'chigafa, zonsezi ndi kamphepo kaja. Inhela ya buluu imagwetsa malawi. Ya steroid imathira madzi pansi pa phulusa.

Zimene zimachitika m'maselo

Thupi lathu linapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Mawu akuti mapuloteni ambirife tinawamvera kusikelo, pophunzira za nyemba, usipa, mazira ndi nsinjiro. Thupi likagaya zakudya zimenezi limatenga tizidutswa take nkumangira mapuloteni akeake, mitundu yambirimbiri, uliwonse ndi ntchito yake. Ena amanyamula mpweya m'magazi, ena amagaya chakudya, ena ndi amithenga opereka uthenga kuchoka ku selo lina kupita ku linzake. Pakati pa selo lililonse pali malangizo olembedwa otchedwa DNA, onena mmene mapuloteni onsewa amapangidwira. Selo siliwerenga malangizo onse nthawi imodzi. Lili ngati mayi amene ali ndi buku lalikulu la kaphikidwe: amatsegula tsamba limene likufunika tsiku limenelo, masamba ena nkukhala otseka.

Mwa anthu ambiri a mphumu, maselo a m'njira za mpweya amatsegula masamba olakwika nkuwasiya chitsegulire. Amapanga amithenga a nkhondo pomwe kulibe mdani weniweni. Mthenga wina, wotchedwa interleukin-5, amaitana ndi kuchulukitsa maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil. Ntchito yeniyeni ya maselo amenewa ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba ndi tizilombo tina totere, ndipo zida zake ndi zaululu. Akadzadza m'mapapo, ululu uja umasupula khungu la m'kati mwa timachubu. Mthenga wina, interleukin-13, amalamula kuti makhololo achuluke, amachititsa timinofu tija kukhala tosachedwa kukungika, komanso amauza maselo kuti apange mpweya wotchedwa nitric oxide wochuluka. Wina, interleukin-4, amalimbikitsa thupi kupanga IgE, mtundu wa chitetezo umene umachititsa munthu kudana ndi fumbi, mungu wa udzu kapena ubweya wa mphaka.

Steroid si chinthu chachilendo m'thupi. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatulutsa steroid wachilengedwe wotchedwa cortisol tsiku lililonse, makamaka m'mamawa. Mankhwala a m'inhela anapangidwa motsanzira ameneyu. Akafika m'mapapo amalowa m'selo, nkugwirana ndi puloteni ina imene ili ngati mlonda womudikira, ndipo awiriwo amapita pamodzi pamene pali malangizo paja. Pamenepo amatseka masamba opangira amithenga a nkhondo, nkutsegula masamba ena opangira mapuloteni oziziritsa kutupa. Amithenga akachepa, maselo a eosinophil amasiya kubwera, amene alipo amafa msanga, makhololo amachepa, khungu losupuka lija limapola.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachidziwa. Salbutamol amagwira ntchito pokhala pa timipando tina ta pa timinofu tija, ndipo timipandoti natonso ndi mapuloteni. Munthu akamapopa salbutamol yekhayekha kambirimbiri, timipandoti timachepa ndiponso timagontha. Steroid amauza selo kuti lipange timipando tatsopano. Ndiye kuti inhela ya bulawuni imathandiza ya buluu kuti izigwira bwino pa tsiku la mavuto.

Mukamvetsa izi, mwamvetsa chifukwa chimene inhela ya steroid siimveka kanthu mukangopopa. Siichotsa zimene zaphikidwa kale, imangoletsa kuti zisaphikidwenso. Pamatenga masiku angapo kuti munthu aone kusintha, ndipo phindu lake lonse limadza patapita milungu, nthawi zina miyezi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ambiri amapopa masiku atatu, nkunena kuti iyi ndi yosagwira, nkuiponya m'kabati. Ena amapopa mwezi, akapeza bwino nkusiya. Akasiya, masamba aja amatsegukanso pang'onopang'ono, ndipo pakapita milungu kutupa kumabwerera.

Ife azamba mphamvu imeneyi ya steroid timaiona ndi maso. Mayi matenda akamuyamba masiku asanakwane, timamubaya jakisoni wa dexamethasone. Mankhwalawo amauza maselo a m'mapapo a mwana kuti afulumire kupanga timafuta ndi mapuloteni amene amathandiza mapapo kufutukuka mwana akabadwa. Njira imeneyi anaitsimikiza Graham Liggins ndi Ross Howie ku Auckland, m'dziko la New Zealand, m'chaka cha 1972, ndipo yapulumutsa ana osawerengeka obadwa masiku osakwana. Mwina pakati panu pali agogo amene mdzukulu wawo ali kusukulu lero chifukwa cha jakisoni ameneyu. Ndi banja lomwelo la mankhwala, kagwiridwe kake ndi komweko.

Tidziwa bwanji kuti ndi zoona?

Poti kutupa kwa m'mapapo sikuoneka, madokotala anafunafuna zizindikiro zoyezeka zimene zingawauze kuti kulipo kapena kwatha. M'chaka cha 1958, dokotala wina wa ku Derby ku England, Harry Morrow Brown, anadabwa kuti odwala ena a mphumu amachira ndi steroid pomwe ena ayi. Anayamba kuika makhololo awo pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Anapeza kuti amene makhololo awo anali odzadza ndi maselo a eosinophil ndi amene amathandizika. Dokotala yemweyu anathandizanso kusonyeza kuti beclomethasone wopopera amagwira ntchito, ndipo inhela imeneyi inayamba kugwiritsidwa ntchito ku Britain mu 1972. Choncho mankhwala amene ena amawatcha achilendo akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 50.

Mu 2002, madokotala a ku Leicester, ku England konko, anagawa odwala mphumu m'magulu awiri. Gulu lina amaliwonjezera kapena kulichepetsera mankhwala potengera mmene wodwala akunenera kuti akumvera. Gulu linalo amatengera kuchuluka kwa maselo a eosinophil m'makhololo. M'gulu lachiwirili kubanika koopsa kunachepa ndi kuposa theka. Phunziro lake ndi lomveka: mmene munthu akumvera lero sizinena zonse za mmene mapapo ake alili.

Chizindikiro china ndi mpweya wa nitric oxide uja. Pali kamakina kamene munthu amapumiramo, nkuonetsa nambala. Mwa munthu wamkulu, nambala ikapitirira 50 imasonyeza kuti kutupa kwa mtundu umene umamva steroid kulipo ndithu, ndipo ikakhala yosafika 25 nthawi zambiri kumakhala kuti kwazizira. Munthu akayamba kupopa steroid mokhulupirika, nambalayi imatsika m'masiku ochepa, ndipo akasiya imakweranso. Mu 2011, ku Newcastle m'dziko la Australia, anayesa kutsogolera mankhwala a amayi oyembekezera a mphumu pogwiritsa ntchito kamakinaka, ndipo kubanika kunachepa ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi amayi amene amangofunsidwa mmene akumvera.

Makina oterewa simuwapeza pachipatala chathu chaching'ono, ndipo sindikulemba kuti mukawafunse. Chimene chimapezeka m'zipatala zazikulu ndi kuyeza magazi kumene kumawerenga maselo onse, kuphatikizapo a eosinophil. Koma kwathu kuno nambala imeneyi imafuna kuiwerenga mosamala, chifukwa likodzo ndi njoka za m'mimba nazonso zimaikweza. Mwana wa m'mbali mwa nyanja kapena wosamba m'madambo angakhale ndi maselo ambiri a eosinophil popanda mphumu. Phindu la kafukufuku yense uja kwa ife ndi chidziwitso chimene anatisiyira: kutupa nkoona, nkoyezeka, steroid amakuchepetsa, ndipo kumabwerera tikasiya.

Nanga moyo weniweniwo? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka, kumene matendawa sazindikirika msanga ndipo mankhwala oteteza amasowa. Kafukufuku wamkulu wa ku Saskatchewan ku Canada, wofalitsidwa mu 2000, anapeza kuti kupopa steroid wochepa mokhazikika kumachepetsa imfa za mphumu, ndipo chiopsezo chimakwera m'miyezi yoyambirira munthu akasiya. Nchifukwa chake mu 2019 bungwe la akatswiri a mphumu padziko lonse, la GINA, linasintha malangizo amene anakhalapo zaka zambiri, nkunena kuti achikulire ndi achinyamata asamathandizidwenso ndi salbutamol yekha popanda steroid wopopera.

Tiyankhe mantha athu

Ena amati inhela imazoloweretsa. Ndikumvetsa kumene maganizowa amachokera. Timaona munthu amene mphumu yake yakula akupopa ya buluu ola lililonse, nkuganiza kuti inhelayo ndiyo yamugwira ukapolo. Chimene chamugwira ndi kutupa kosathandizidwa. Munthu akayamba ya steroid, ya buluu amaifuna mwa apo ndi apo. Komanso adokotala akaona kuti papita miyezi itatu munthu ali bwino, amatha kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono. Amayi ambiri m'gulu lathu amamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse, ndipo palibe amene amawanena kuti azolowera.

Ena amati steroid amatupitsa nkhope, amayambitsa shuga, amafewetsa mafupa. Amenewa sakunama, koma asakaniza zinthu ziwiri. Kuyambira 1948, pamene Philip Hench ndi anzake a ku Mayo Clinic ku America anabaya cortisone mayi wina amene nyamakazi inamugoneka, mayiyo nkudzuka kuyenda m'masiku ochepa, madokotala anaona msanga kuti mankhwala odabwitsawa ali ndi mtengo wake akamwedwa nthawi yaitali. Piritsi limazungulira thupi lonse, nkukasintha mapangidwe a mapuloteni m'mafupa, m'chiwindi, pakhungu ndi m'maso momwe. Inhela anaipangira kuthawa vuto lomweli. Taonani kusiyana kwake. Munthu wamkulu akabanika kwambiri amapatsidwa prednisolone wokwana mamiligalamu 40 patsiku kwa masiku asanu. Mlingo wamba wa beclomethasone wopopera ndi mamaikulogalamu 400 patsiku kapena kucheperapo. Miligalamu imodzi ndi mamaikulogalamu 1,000. Ndiye kuti pa kulemera kwake, mapiritsi a tsiku limodzi akufanana ndi zopopa za masiku 100, ndipo zopopazo zimapita molunjika pamene pali vuto.

Musandimve molakwa. Mapiritsi a prednisolone a masiku ochepa, olembedwa ndi adokotala munthu atabanika, amapulumutsa moyo, ndipo muzimwa onse monga mwauzidwira. Chimene ndikudana nacho ndi chizolowezi chogula prednisolone kapena dexamethasone pamsika, kumwa tiwiri chifuwa chikalira, miyezi nkumapita. Ena amamwa kuti anenepe. Ndinaonapo mayi nkhope ili yozungulira ngati mwezi, miyendo yowonda, shuga atakwera, bala la pamwendo losapola, zonsezi chifukwa cha timapiritsi totsika mtengo. Steroid wakumwa nthawi yaitali amafooketsanso chitetezo, ndipo TB imene inagona m'thupi imatha kudzuka. Ngati inu kapena m'bale wanu wakhala akumwa mapiritsiwa kwa milungu yambiri, musasiye mwadzidzidzi, chifukwa tiziwalo ta pa impso tija timakhala titagona ndipo munthu angathe kukomoka. Pitani nawo mapiritsiwo kuchipatala akakuchepetsereni mwa dongosolo.

Inhela ya steroid nayo ili ndi zovuta zake, ndipo sindibisa. Imatha kuyambitsa tizilonda toyera m'kamwa ndi kusasa mawu. Mankhwala ake ndi kuchukucha m'kamwa ndi madzi nkulavula mukangotha kupopa. Kwa ana, kafukufuku wa nthawi yaitali ku America anaonetsa kuti mwana wopopa steroid kwa zaka angathe kuchepa msinkhu ndi pafupifupi sentimita imodzi akadzakula. Sentimita imodzi ndi yosakwana m'lifupi mwa chala chanu chamkombaphala. Ikani zimenezi mbali imodzi, mbali inayo muike mwana wosagona usiku, wojomba kusukulu, wosakula bwino chifukwa cha matenda, wothamangitsidwa kuchipatala pa kabaza pakati pa usiku. Ine monga mayi ndikudziwa mbali imene ndingasankhe.

Za amayi oyembekezera ndinene mosapita m'mbali, poti ndi ntchito yanga. Mwana m'mimba sapuma yekha, amadalira mpweya wa m'magazi a mayi ake. Mayi akabanika, mwana nayenso wabanika. Mphumu yosasamalidwa imakweza chiopsezo choti mwana abadwe masiku osakwana kapena wochepa sikelo, komanso choti mayi BP ikwere. Amayi ena mphumu imawachepera akaima, ena siisintha, koma pafupifupi mmodzi mwa atatu imawakulira. Beclomethasone ndi budesonide akhala akugwiritsidwa ntchito ndi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa kwa zaka zambiri, ndipo malangizo a akatswiri ndi akuti asasiye. Mayi wa mphumu akaima, apite kusikelo ndi mainhela ake onse awiri akawaonetse azamba.

Pamene inhela siikugwira

Pali anthu amene amapopa koma osasintha. Tisanaweruze mankhwala, tione zinthu zinayi. Choyamba ndi kapopedwe. Ambiri amapopera palilime, mankhwala osafika m'mapapo. Chachiwiri ndi fodya. Utsi wa fodya umafooketsa puloteni imene steroid amadalira potseka masamba aja, kotero wosuta sathandizika mokwanira, ndipo mwana wokhala m'nyumba ya wosuta amavutikira limodzi. Chachitatu, mphumu ina, makamaka yoyamba munthu atakula kapena atanenepa kwambiri, siikhala ya maselo a eosinophil, ndipo siimva steroid kwenikweni. Morrow Brown uja anaziona kalekale. Chachinayi, mwina si mphumu nkomwe. Chifuwa cha milungu iwiri chotsagana ndi kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku chiyezedwe TB. Gogo wophika pa nkhuni zaka makumi anayi angathe kukhala ndi mapapo owonongeka ndi utsi, ndipo wina wotupa miyendo vuto lingakhale mtima. Nchifukwa chake inhela siibwerekanidwa. Amene mukumwa ma ARV muziwauza adokotala, chifukwa mitundu ina ya ma ARV imachititsa steroid wina wopopera kuchuluka m'magazi.

Funso lovuta kwambiri

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: "Anamwino, zonsezi tamva, koma tikapita kuchipatala amati ya bulawuni kulibe, ndipo kufamase mtengo wake sitingaukwanitse." Ili ndiye funso lolemera kuposa onse, ndipo sindinganame kuti ndili ndi yankho lokwanira. Ndaonapo mashelefu opanda kanthu, ndalemberapo mayi mankhwala ndikudziwa kuti sakawapeza. Koma taganizani mmene mankhwala amaitanitsidwira. Woyang'anira mankhwala amaitanitsa zimene zikutuluka. Ngati odwala akuikana inhela, ngati ife azaumoyo sitikuilemba poganiza kuti anthu saifuna, pa pepala zimaoneka ngati palibe akuifuna, ndipo siibwera. Mantha athu ndi kusowa kwa mankhwala zimadyetsana. Beclomethasone ndi budesonide zili pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Kuwapempha si kupempha zapamwamba.

Ndipo tili ndi umboni wa kwathu konkuno. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anachita kafukufuku pa ana 120 a mphumu, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Theka la anawo anawunikidwa mofatsa, anapatsidwa steroid wopopera woyenera, ndipo iwo ndi makolo awo anaphunzitsidwa za matendawa ndi kapopedwe ndi anthu amene sanali madokotala. Patatha miyezi itatu, ana amenewa anali ndi zizindikiro zochepa, amajomba kusukulu mocheperapo, ndipo amathamangira kuchipatala mocheperapo kuposa anzawo. Panalibe makina odula. Panali mankhwala oyenera ndi munthu wokhala pansi nkufotokoza.

Ngakhale vuto la kapopedwe lili ndi yankho lotsika mtengo. Mu 1999, Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anasonyeza kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500, loboola kumatako kuti inhela ilowe mothina, limagwira ntchito mofanana ndi kachipangizo kogula kothandiza kupopa. Mumagwedeza inhela, kuilowetsa pabowo, kuika kukamwa kwa botolo m'kamwa, kupopa kamodzi, nkupuma m'botolomo kanayi kapena kasanu. Ngati pakufunika kupopa kawiri, mumabwereza. Pemphani anamwino akuonetseni koyamba.

Gawo lathu

Ife amayi ndife amene timadzuka mwana akamatsokomola usiku. Ndife amene timalangiza mtsikana akaima. Ndife amene timayendera odwala m'miphakati. Mawu athu amalemera kuposa a adokotala, chifukwa adokotala amamuona wodwala mphindi zisanu, ife timakhala naye masiku onse. Ndikupempha zinthu zochepa.

Mukakayendera wodwala mphumu, mufunseni mafunso atatu: kodi ya buluu akuipopa koposa kawiri pa mlungu? Kodi chifuwa chikumudzutsa usiku? Kodi wamaliza mabotolo a buluu atatu kapena kuposerapo chaka chino? Akavomera limodzi mwa mafunsowa, mphumu yake siili bwino, ndipo apite kuchipatala akafunse za inhela yoteteza. Amene ali nayo kale, mulimbikitseni kuti aziipopa monga anauzidwira, ngakhale masiku amene ali bwino, ndipo aziisunga pafupi ndi mswachi kuti asaiwale. Amene muli m'makomiti a chipatala kapena a chitukuko, funsani pamsonkhano ngati beclomethasone alipo, ndipo ngati palibe, zilembedwe. Pamsonkhano wa gulu lathu, itanani namwino abwere ndi inhela ndi botolo, aliyense aone ndi maso. Ndipo mukaona munthu akulephera kulankhula, nthiti zikulowa m'kati, milomo ikusintha mtundu, akuwodzera, kapena ya buluu siikumuthandiza, musadikire kuche. Mupitirize kumupopera m'njira, ulendo wa kuchipatala.

Mtsikana uja anakhala nafe masiku anayi. Tisanamutulutse ndinapempha kuti apongozi ake abwere, ndipo tinakhala pabenchi atatu. Ndinawafotokozera za moto wa pansi pa phulusa, ndinawaonetsa botolo, iwonso anayesa kuligwira. Anandifunsa mafunso ambiri, ena ovuta ndithu, ndipo pomaliza anati, "Ndiye bwanji simunatiuze kale?" Ndinasowa chowayankha, chifukwa amanena zoona. Patatha miyezi iwiri mtsikanayo anabwera kudzachira, ndipo anabereka mwana wamkazi wolemera bwino. M'chikwama cha zovala za mwana munali mainhela awiri ndi botolo lija. Amene analongedza anali apongozi.